Jakisoni wa mumsana wa sciatica: angandithandize kapena ayi? Mafunso ndi mayankho kwa a Malawi a ku Joni

Ntchito zimene ambiri a ife timagwira kuno ku Johannesburg ndi zodya msana: kukankha wilibala ya simenti, kuwerama m'magadeni a ku Randburg ndi Sandton, kukolopa ndi kusita, kuima usiku wonse paulonda, kukhala pa chiwongolero cha thiraki kuchoka ku City Deep mpaka ku Durban. N'chifukwa chake nkhani ya jakisoni wa mumsana sichedwa kutulukira tikakumana kutchalitchi, kumzikiti kapena pamaliro. Funso lalikulu limakhala limodzi: ndikalipira, ululuwu utha? Mayankho ali pansipa salowa m'malo mwa dokotala amene wakuyezani. Tawalemba kuti mukakhale pamaso pake mukudziwa zoyenera kufunsa.

Sciatica n'chiyani, ndipo isiyana bwanji ndi kupweteka msana kumene tonse timamva?

Ndi ululu woyambira m'chiuno kapena pathako n'kutsika kumbuyo kwa ntchafu, nthawi zambiri kupitirira bondo mpaka kuphazi. Umakonda mwendo umodzi. Ena amati ukuotcha, ena amati ukubaya, ena amamva dzanzi. Mukatsokomola, kuyetsemula kapena kukhalitsa pampando, umakula.

Pakati pa mafupa a msana pali timadisiki tofewa. Disiki ikang'ambika, za m'kati mwake zimatuluka n'kukhudza muzu wa mtsempha wopita kumwendo, makamaka pamalo amene madokotala amalemba kuti L4-L5 ndi L5-S1. Zotulukazo zimapana mtsempha komanso zimautupitsa. Ululu ukamadutsa kunja kwa mwendo kupita pamwamba pa phazi ndi kuchala chachikulu, kawirikawiri ndi muzu wa L5. Ukamadutsa pakatumba, chidendene ndi kuchala chaching'ono, ndi S1. Ngati ululu wanu uli pamsana pokha osatsika mwendo, si sciatica, ndipo jakisoni tikukambayu si wanu.

Kodi ndi jakisoni yemwe uja amabaya pathako kukiliniki?

Ayi. Wa pathako, monga Voltaren, amalowa mumnofu n'kuyenda thupi lonse. Wa mumsana, amene madokotala amamutchula epidural, amalowetsedwa mumpata wozungulira thumba la mitsempha ya mumsana, pafupi ndi muzu wotupawo. Mumakhala mankhwala awiri: steroid wochepetsa kutupa, monga dexamethasone, methylprednisolone, triamcinolone kapena betamethasone, ndi mankhwala ochititsa dzanzi monga lidocaine. Steroid ameneyu si uja amagwiritsa ntchito anyamata onyamula zitsulo.

Njira zolowetsera singano zilipo zitatu. Transforaminal imalowera chammbali, pabowo limene muzu wa mtsempha umatulukira. Interlaminar imalowera pakati pa msana. Caudal imalowera pansi penipeni, pafupi ndi fupa lokhalira. Dokotala amaonera pa X-ray kapena pa sikani ya CT pamene akulowetsa singano, ndipo amayamba wathira mankhwala oonekera pa sikirini kuti atsimikize kuti afika pamalo oyenera.

Amachizadi?

Sabwezera disiki m'malo mwake. Chimene amachita ndi kuchepetsa kutupa kwa mtsempha kwa masabata angapo kapena miyezi yochepa, pamene thupi likudzikonza lokha. Ndipo limadzikonzadi: anthu ambiri a sciatica amapeza bwino m'masabata 6 mpaka 12 popanda opaleshoni, ndipo zotuluka mu disiki nthawi zambiri thupi limazisungunula pang'onopang'ono.

Manambala ake ndi ofunika kuwamva musanatulutse ndalama. Mu 2020 bungwe la Cochrane linasonkhanitsa kafukufuku 25 wokhudza anthu 2,470. Linapeza kuti, poyerekeza ndi jakisoni wopanda steroid, ululu wa mwendo unatsika pang'ono chabe, pafupifupi mapointi 5 pa sikelo ya 100, ndiponso kwa kanthawi kochepa. Nambala imeneyi ndi yophatikiza anthu onse pamodzi. M'kati mwake muli ena amene anapeza mpumulo waukulu ndi ena amene sanamve kusintha kulikonse. Apa ndiye pagona nkhani: inuyo muli gulu liti?

Ndiye ndingadziwe bwanji ndisanalipire ngati andithandiza?

Palibe kuyeza magazi kapena sikani imene imanena motsimikiza. Dokotala wokulonjezani kuti mukabayidwa muchira ndithu akunena zimene sangakwanitse kutsimikiza. Koma pali zizindikiro zimene zimakweza kapena kutsitsa mwayi, ndipo zambiri mungathe kuziona nokha.

Choyamba, dzifunseni chimene chikukusowetsani tulo: mwendo kapena msana? Jakisoniyu amagwira bwino mwendo ukamapweteka kuposa msana. Chachiwiri, kodi mungaloze ndi chala njira imene ululu umadutsa? Munthu amene amaloza mzere umodzi kuchoka pathako mpaka kuchala, ndipo MRI (sikani yojambula m'kati mwa msana) n'kusonyeza disiki yotuluka pamuzu womwewo, mbali yomweyo, ali pamalo abwino. Amene akumva kuphwanya m'chiuno monse, miyendo yonse, mapewa ndi khosi, vuto lake silili pamuzu umodzi, ndipo mankhwala othiridwa pamalo amodzi sangalifike.

Chachitatu ndi kuchuluka kwa kupanikizika kwa mtsempha. Taganizani za chala chimene chapanidwa ndi chitseko. Ngati chitseko chinangochimenya n'kutseguka, chatsala ndi kutupa, ndipo mankhwala a kutupa athandiza. Ngati chitseko chikadali chitachipana, mankhwala achita zochepa. Ofufuza a ku Australia anaona zofanana ndi zimenezi mu 2011: mwa odwala amene MRI inasonyeza kuti mtsempha wapanidwa pang'ono, 75 pa 100 alionse anapeza mpumulo wabwino atabayidwa njira ya transforaminal, pamene mwa amene mtsempha unapanidwa kwambiri anali 26 okha pa 100. Anali kafukufuku wa anthu ochepa, koma funso lake ndi labwino kupita nalo kwa dokotala: "Adokotala, pa sikani yangayi mtsempha wapanidwa kwambiri kapena pang'ono?"

Zimene zimatsitsa mwayi ndi izi: kukhala mutachitidwapo opaleshoni pamalo omwewo, kumwa mankhwala amphamvu ngati tramadol kapena morphine kwa nthawi yaitali, kusuta fodya, komanso nkhawa ndi kukhumudwa kwakukulu. Mfundo yomalizayi isakupsetseni mtima. Sikuti ululu wanu ndi wongoganizira. Munthu amene sagona poganiza za lendi, za pemiti, za ana ofuna fizi kumudzi, thupi lake limamva ululu mokulirapo ndipo limachedwa kupeza bwino. Muuzeni dokotala zimenezinso, chifukwa nazo zili ndi chithandizo chake.

MRI yanga ikusonyeza madisiki atatu owonongeka. Zafika poipa?

Pepala la MRI limaopsa kuposa mmene zinthu zilili. Anthu ambiri azaka 40 kupita m'mwamba amene sakumva ululu uliwonse, atawajambula amapezeka ndi madisiki otupa kapena operepeseka. Chofunika ndi disiki imene ikugwirizana ndi njira ya ululu wanu, monga tafotokozera pa funso lapitali. Chodabwitsa n'chakuti kachidutswa kakakulu kamene kathothokeratu pa disiki ndi kamene thupi limasungunula mosavuta kuposa disiki yongotupa pang'ono.

Ndakhala nawo ululuwu kupitirira chaka. Ndachedwa?

Mwayi umakhala wabwinopo ululu ukakhala wa masabata kapena miyezi yochepa, pamene kutupa kuli pachimake. Malangizo a bungwe la NICE la ku Britain a mu 2016 amati jakisoniyu aganiziridwe pa sciatica yatsopano komanso yowawa kwambiri. Ululu wa chaka kapena kuposerapo ungathebe kutsika, koma musayembekezere zambiri, ndipo funsani ngati si nthawi yokaonana ndi dokotala wa opaleshoni.

Mbali inayo, musathamangirenso. M'masabata oyambirira, ngati mukutha kuyenda ndi kugona pang'ono, mapiritsi, mafizo ndi kuyendayenda zimakwanira kwa anthu ambiri. Kugona pabedi masiku ambiri sikuthandiza.

Amayi anga miyendo imawalemera akayenda pang'ono, koma akakhala pansi kapena kuwerama amapeza bwino. Jakisoniyu angawathandize?

Zimene mukufotokozazi zikufanana ndi spinal stenosis, kuchepa kwa mpata umene mitsempha imadutsa, komwe kumabwera ndi ukalamba. Mudzawaona mushopu atatsamira trolley, akuyenda bwino kuposa akaongoka. Apa vuto lalikulu ndi mafupa ndi minofu yokhuthala imene yachepetsa njira, osati kutupa kwatsopano. Kafukufuku wa ku America wa mu 2014, wa anthu 400, anapeza kuti patatha masabata 6 amene anabayidwa steroid ndi lidocaine sanasiyane kwenikweni ndi amene anabayidwa lidocaine yekha. Musanasonkherane ndalama pabanja kuti amayi abwere kudzabayitsa ku Joni, ayambe ayezedwa bwinobwino. Kutsekeka kwa mitsempha ya magazi ya m'miyendo nakonso kumapereka zizindikiro zofanana ndi zimenezi.

Ndimamwa ma ARV. Ndiuze dokotala?

Muuzeni, ndipo tengani botolo lake akaone dzina. Ili ndi yankho limene tikupempha kuti musalidumphe. Ma ARV ena, makamaka amene amaperekedwa oyamba akasiya kugwira, ali ndi ritonavir m'kati mwake: Aluvia ndi mmodzi, komanso atazanavir kapena darunavir wophatikiza ndi ritonavir. Ritonavir amalepheretsa chiwindi kuchotsa steroid wina m'thupi, makamaka triamcinolone. Jakisoni mmodzi yekha angakhale m'magazi kwa nthawi yaitali n'kuyambitsa kutupa nkhope, kukwera kwa shuga ndi BP, kenako kufooka koopsa chifukwa thupi lasiya kupanga cortisol, steroid wake wachilengedwe. TLD, amene anthu ambiri akumwa masiku ano, alibe ritonavir. Dokotala akadziwa, amasankha mankhwala ena kapena njira ina. Musasiye ma ARV mwa inu nokha pofuna jakisoni.

Tikudziwa chifukwa chake ena amabisa: wakuperekezani ndi abwana, kapena m'bale amene simunamuuze. Muli ndi ufulu wopempha kuti mulankhule ndi dokotala muli awiri.

Nanga TB ikukhudzana bwanji ndi msana?

TB simangokhala m'mapapo. Imalowanso m'mafupa a msana, ndipo ku South Africa ndi ku Malawi si matenda achilendo. Msana wopweteka usiku ngakhale mutagona phee, kuonda, kutuluka thukuta usiku, kutentha thupi, kapena kakhundu kotukuka pamsana, zimafuna kuyezedwa kaye. Steroid amafooketsa chitetezo pamalo amene wathiridwa, choncho kumubaya pamene pali TB kapena mafinya n'kuwonjezera vuto. Ngati munadwalapo TB kapena khansa, nenani ngakhale asanakufunseni.

Ndili ndi shuga. Ena ali pa mankhwala osungunula magazi. Zitheka?

Odwala shuga amabayidwa, koma shuga amakwera kwa masiku angapo pambuyo pake, choncho yezani pafupipafupi ndipo gwirizanani ndi dokotala zochita akakwera kwambiri. Ngati ali kale pamwamba, ndi bwino kuyamba mwamutsitsa.

Warfarin, clopidogrel ndi Xarelto angachititse magazi kuunjikana mumsana n'kupana mitsempha. Dokotala ndiye anene ngati muyenera kuimitsa ndi tsiku loimitsira, atagwirizana ndi amene anakupatsani mankhwalawo. Amayi oyembekezera kapena okayikira anene asanalowe, chifukwa cha X-ray.

Tsiku lobayitsa zimayenda bwanji?

Mumagona chafufumimba, amatsuka khungu ndi mankhwala ozizira, n'kubaya kasingano kochititsa dzanzi. Singano yeniyeni ikamalowa mumamva kukankha, ndipo mankhwala akamathiridwa ululu wanu womwe uja ungadutse m'mwendo kwa kamphindi. Ntchito yonse siitenga nthawi, nthawi zambiri sipitirira theka la ola, kenako amakusungani pang'ono kuti aone mmene mulili n'kukutulutsani tsiku lomwelo. Mwendo ungakhale wolemera kwa maola angapo. Musayendetse galimoto, ndipo ngati mukukwera tekisi pa Bree kapena pa Noord, mukhale ndi wokugwirani dzanja.

Tsiku loyamba ululu unatheratu, mawa lake wabwerera. Ndiye kuti walephera?

Musafulumire kuweruza. Mpumulo wa maola oyamba unachokera ku mankhwala a dzanzi, ndipo amatha msanga. Steroid amayamba kugwira pakapita masiku 2 mpaka 7, nthawi zina mpaka masabata awiri. Pakatipa ululu ungathe kukulako pang'ono.

Koma maola oyamba aja ali ndi uthenga wofunika. Ngati ululu wa mwendo unazimiratu pamene dzanzi linali likugwira, ndi chizindikiro chakuti singano inafika pamuzu umene ukuvutadi, ndipo dokotala wa opaleshoni adzafuna kudziwa zimenezi. Lembani mufoni tsiku lililonse nambala ya ululu kuyambira 0 mpaka 10, mtunda umene mwayenda ndi mmene mwagonera. Madokotala ambiri amati jakisoni wagwira ngati ululu watsika ndi theka kapena kuposerapo.

Ndingabayitse kangati?

Zotsatira za jakisoni woyamba ndizo zimalosera bwino za wachiwiri kuposa china chilichonse. Ngati woyamba anakupatsani miyezi yopuma kenako ululu n'kubwerera, kubwereza kuli ndi nzeru. Ngati anabayidwa pamalo oyenera moonera pa X-ray ndipo sanasinthe kalikonse, kulipira wachiwiri ndi wachitatu mofananamo n'kutaya ndalama. Madokotala ambiri sapitirira katatu kapena kanayi pachaka, chifukwa steroid wambiri amafooketsa mafupa ndi kusokoneza mahomoni. Musavomere kulipiriratu majakisoni atatu musanaone zotsatira za woyamba.

Anthu amati jakisoni wa mumsana amapuwalitsa. N'zoona?

Zimachitika mwa apo ndi apo kwambiri, koma si bodza. Mu 2014 bungwe la FDA la ku America linachenjeza kuti jakisoniyu angayambitse mavuto aakulu a mitsempha, kuphatikizapo kupuwala ndi sitiroko, ngakhale kuti ndi osowa. N'chifukwa chake kuonera pa X-ray n'kofunika, ndipo madokotala ambiri amasankha dexamethasone pa njira ya transforaminal popeza alibe timibulu totseka mitsempha ya magazi. Zofala ndi zazing'ono: nkhope kutentha, kusowa tulo usiku umodzi kapena uwiri, kupweteka pobayidwapo, msambo kusokonekera. Mutu wopweteka mukaimirira n'kusiya mukagona umasonyeza kuti singano inaboola thumba la mitsempha. Umachizika, koma dziwitsani amene anakubayani.

Bwanji osangochita opaleshoni?

Opaleshoni yochotsa kachidutswa ka disiki imathetsa ululu wa mwendo msanga kwa anthu ambiri, koma pakapita chaka kapena ziwiri kusiyana kwake ndi amene sanachitidwe kumachepa. Kafukufuku wa NERVES wa ku Britain, wofalitsidwa mu 2021, anagawa anthu 163 kuti ena achitidwe opaleshoni, ena abayidwe jakisoni wa transforaminal. Patatha masabata 18, magulu awiriwa sanasiyane kwenikweni pa mmene ankagwirira ntchito za tsiku ndi tsiku, ngakhale ena obayidwa anadzachitidwabe opaleshoni pambuyo pake. Kwa munthu amene mwendo sukufooka, kuyamba ndi jakisoni n'kwanzeru. Kwa amene ali ndi zizindikiro za pa funso lotsatirali, nkhani ndi ina.

Ndi liti pamene sindiyenera kudikira jakisoni?

Pitani ku casualty tsiku lomwelo, ngakhale usiku, mukaona kuti mkodzo ukukanika kutuluka kapena ukutuluka osamva, chimbudzi chikutuluka chokha, pali dzanzi kumaliseche, pakati pa ntchafu kapena pokhalira, kapena miyendo yonse iwiri yayamba kufooka. Matendawa amatchedwa cauda equina syndrome, ndipo opaleshoni ikachedwa munthu angalumale moyo wake wonse. Phazi limene layamba kukwakwaza pansi, silipasi n'kumavuka yokha poyenda, nalonso likufuna dokotala mwamsanga. Chimodzimodzi kutentha thupi ndi msana wopweteka kwambiri masiku otsatira jakisoni.

Ambulansi imapezeka pa 10177, kapena 112 pafoni ya m'manja. Ambiri timaopa za mapepala, ndipo n'zoona kuti ena amavutitsidwa pazipata za makiliniki. Gawo 27 la malamulo aakulu a South Africa limanena kuti munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chamwadzidzidzi.

Mu Johannesburg ndingaupeze kuti, ndipo ndi ndalama zingati?

Kuchipatala cha boma mumayambira kukiliniki ya kudera kwanu, amene amakupatsani kalata yokutumizani kuchipatala chachikulu. Zipatala zophunzitsira monga Charlotte Maxeke ku Parktown, Chris Hani Baragwanath ku Soweto ndi Helen Joseph zili ndi madokotala a mafupa ndi a ululu. Mzere wa MRI umatha kukhala wautali. Tengani pasipoti kapena chiphaso chimene muli nacho, umboni wa malipiro ndi wa komwe mukukhala, chifukwa zolipira zimadalira gulu limene akuikani.

Kuchipatala cholipira, chenjerani kuti bilu siibwera imodzi. Dokotala amalipiritsa yake, chipatala yake, a X-ray yawo, nthawi zina wogonetsa tulo yakenso. Pemphani mtengo wonse wolembedwa papepala, ndipo ngati muli pa medical aid, pezani chilolezo chawo kaye. Funsani ngati abaya moonera pa X-ray kapena CT. Dzina la dokotala mungalifufuze pa intaneti, pa kaundula wa HPCSA, bungwe lolembetsa madokotala ku South Africa. Munthu wobaya mumsana m'kachipinda ka kuseri kwa shopu, wopanda makina ojambulira, musamulole ngakhale atchipitse motani.

Msana unandivuta ndili pantchito. Abwana ali ndi gawo?

Nenani kwa abwana mwamsanga ndipo dokotala alembe kuti munavulala mukugwira ntchito. Lamulo la COIDA limalipira chithandizo cha ovulala pantchito kudzera ku Compensation Fund, ndipo kuyambira pa chigamulo cha Constitutional Court cha mu November 2020, ogwira ntchito zam'nyumba nawonso akuwerengedwa. Pemphaninso kalata yonena kuti mugwire ntchito zopepuka kwa kanthawi. Masabata amene jakisoni wakupumitsani ndi oti muchite mafizo ndi kulimbitsa minofu ya m'chiuno. Kubwerera ku matumba a simenti Lolemba lotsatira chifukwa ululu wachepa ndi njira yofulumira youbwezera.

Ndikufuna kubayitsa kuti ndikwere basi yopita kumudzi pa Khirisimasi. Ndibayitse liti?

Musabayitse dzulo lake la ulendo. Siyani masabata osachepera awiri, kuti steroid ayambe kugwira komanso kuti vuto lililonse likupezeni muli pafupi ndi amene anakubayani. Ulendo wodutsa pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza umapitirira tsiku lathunthu muli pampando, ndipo kukhalitsa ndiko kumautsa sciatica. Sankhani mpando wa m'mbali mwa njira yodutsa, pindani chitenje n'kuika m'chiuno, tsikani n'kuyenda paliponse basi yaima, ndipo matumba olemera muwasiyire ena akunyamulireni pa boda. Tengani CD ya MRI, lipoti lake, ndi pepala losonyeza dzina la steroid, mlingo wake ndi tsiku limene munabayidwa. Mukadwala muli kumudzi, madokotala a ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe adzafuna kuona zimenezo asanakupatseni mankhwala ena.